Phunziro la kupepesa ndi kutonthoza m'Chikoreya: pamene ntchito yafika

Dongosolo lasintha

Gawo lino la maphunziro a Chikoreya a anthu olankhula Chichewa silikhala mndandanda wa mawu ngati mmene tinachitira pa gawo la moni ndi la kumsika. Tagwirizana kuti liyambe ndi mafunso awiri oti wophunzira azidzifunsa asanatsegule pakamwa. Kodi vutoli ndalichititsa ndine? Nanga ndikulankhula ndi yani?

Chomwe chatikakamiza ndi "pepani" wathuyu. Timamunena tikaponda munthu phazi, tikachedwa, tikaona wina wapunthwa yekha, tikapita kukazonda wodwala, ndiponso tikafika pasiwa. Ku Korea ntchito zimenezi zili ndi mawu osiyana. 미안하다 (mianhada) ndi 죄송하다 (joesonghada) ndi mawu a munthu amene akuvomera kuti walakwa ndi iyeyo. Mlendo akauza namfedwa kuti 죄송합니다, namfedwayo amaganiza kuti mwina akupepesa chifukwa chofika mochedwa, apo ayi amangodabwa kuti mlandu wake ndi wotani. N'chifukwa chake makadi tawagawa potengera zochitika: cholakwa chako, tsoka la mnzako, zomwe zinapita kale ndipo ukuzidandaula, kenako kuchipatala ndi kumaliro.

Khadi lililonse lili ndi mizere inayi. Pamwamba pali Hangul, zilembo za Chikoreya. Pansi pake pali kalembedwe ka zilembo za Chilatini kamene boma la South Korea linakhazikitsa mu 2000, poti ndiko wophunzira adzakumane nako m'mabuku ndi pa zikwangwani. Mzere wachitatu ndi katchulidwe kolembedwa momwe Mchewa angawerengere. Wachinayi sukupereka tanthauzo, ukunena nthawi yonenera mawuwo ndi munthu woyenera kumuuza.

Kupepesa pa cholakwa chako: makadi atha

Apa zayenda mosavuta. 미안해 (mianhae) ndi wa mnzako wapamtima, mng'ono wako kapena mwana. 미안해요 (mianhaeyo) ndi wa munthu wa msinkhu wako amene simunazolowerane mpaka kusiya ulemu. 죄송해요 (joesonghaeyo) ndi wa wamkulu amene mumadziwana. 죄송합니다 (joesonghamnida) ndi wa bwana, mphunzitsi, kasitomala ndi munthu aliyense wachilendo. Khadi la 죄송해 palibe, chifukwa tsinde lake ndi laulemu kwambiri pamene mathero ake ndi a pachinzake, ndiye sizigwirizana.

Panali kukambirana pa 미안합니다 (mianhamnida). Malinga ndi malamulo a chilankhulo ndi mawu aulemu ndithu, koma m'makutu mwa anthu amamveka bwino akachokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono. Wantchito watsopano akawanena kwa bwana wake amamveka ngati wapepesa mwa theka. Tawasiya pa khadi loti wophunzira azingowazindikira, ndipo lamulo tampatsa limodzi: ukakayikira, nena 죄송합니다 uku ukuweramitsa mutu pang'ono.

Chomwe chafuna zoyeserera zambiri ndi kutchula chifukwa. Chikoreya chimalumikiza chifukwa ndi chipepeso pogwiritsa ntchito -아서 kapena -어서. 늦어서 죄송합니다 ndi wa munthu amene wachedwa. 기다리게 해서 죄송합니다 ndi wa amene wadikiritsa mnzake. 연락이 늦어서 죄송합니다 ndi wa amene wachedwa kuyankha uthenga. Zolakwika zomwe zikubwerezabwereza ndi ziwiri. Choyamba, ophunzira amaika nthawi yakale pa mneni woyambayo, n'kunena 늦었어서, poganiza kuti kuchedwako kwachitika kale. Mathero amenewa salandira nthawi yakale m'Chikoreya chovomerezeka. Chachiwiri, amatenga -(으)니까, amenenso amatanthauza chifukwa, n'kumuika pamalopo. Mathero amenewa amagwira ntchito polamula kapena popereka maganizo, ndipo sayenda ndi kupepesa kapena kuthokoza.

Pa zolakwa zikuluzikulu tawonjezera 제 잘못입니다 (je jalmosimnida), kuvomera kuti cholakwa n'chako, ndi 진심으로 사과드립니다 (jinsimeuro sagwadeurimnida) wa m'kalata ndi pamaso pa gulu. 불편을 드려 죄송합니다 ndi 양해 부탁드립니다 ndi mawu a pa zikwangwani ndi zolengeza za m'sitima, ongofunika kuwamva.

Kakhadi kena kachokera pa "zikomo" amene timanena podutsa pakati pa anthu. M'basi kapena m'sitima yodzaza, mawu ake ndi 잠시만요 (jamsimanyo). Poitana wogulitsa m'lesitilanti ndi 저기요 (jeogiyo). 실례합니다 (sillyehamnida) ndi wolowera mu ofesi ya munthu kapena kumudula mawu. Wina akakupepesa, umayankha 괜찮아요 (gwaenchanayo) kapena 아니에요 (anieyo).

Kujambula mawu: mzere wachitatu ukulembedwanso

Mawu ojambulidwa a gulu loyamba alipo, koma aonetsa kuti zilembo za Chilatini zija zimasocheretsa wowerenga Chichewa. Iye amawerenga lembo lililonse la liwu palokha, ndiye joesong imatuluka "jo-e-so-nga". Zoona zake n'zakuti oe amatchulidwa pafupi ndi "we", eo ndi liwu limodzi lofanana ndi "o" wotsegula pakamwa, ndipo eu ndi "u" wosatukula milomo.

Vuto lachiwiri n'lakuti maphatikizo a Chichewa amathera pa lembo la liwu, choncho lilime limafuna kuwonjezera liwu pamene palibe: "hamunida" m'malo mwa "ham-ni-da". Mankhwala ake takhala tikuwapeza m'Chichewa momwemo. ㅇ wa kumapeto kwa phatikizo ndi ng' wa mu "ng'ombe", ndiye wophunzira amauzidwa kuti ayambe kunena ng'ombe koma aime asanafike pa "o". ㅌ, ㅋ ndi ㅊ ndi th, kh ndi tch athu. ㄸ ndi ㄲ ali pafupi ndi t ndi k athu opanda mpweya, kungoti pakhosi pamalimba. Apa Mchewa ali ndi mwayi kuposa anthu ambiri ophunzira Chikoreya, bola asatsatire zilembo za Chilatinizo, zomwe zimalemba ㅌ ngati t chabe.

Mzere wachitatu tsopano ukuoneka chonchi. 죄송합니다 ndi chwe-song'-ham-ni-da: ㅂ akakumana ndi ㄴ amasanduka m. 괜찮아요 ndi kwen-tcha-na-yo: ㅎ samveka. 안타까워요 ndi an-tha-ka-wo-yo. 어떡해요 ndi o-to-khe-yo, poti ㄱ ndi ㅎ aphatikizana kukhala kh. 실례 akuvutabe, chifukwa l wake ndi wautali ndipo ophunzira amamudumpha ngati r wa mu "bwera". Ameneyu ajambulidwanso pang'onopang'ono.

Tsoka la mnzako: makadi ali pafupi kutha

Gulu ili ndi limene lilowe m'malo mwa "pepani" wambiri wa tsiku ndi tsiku, ndipo msana wake ndi kachidutswa kamodzi, -겠-. M'Chikoreya sunena mmene mnzako akumvera ngati kuti walowa mumtima mwake. Umanena mongoganizira, ndipo -겠- ndiye amasonyeza kuganizirako. Kutsogolo kwake kumabwera -시- waulemu. Ndiye 힘드시겠어요 (himdeusigesseoyo) ndi kuuza munthu kuti ziyenera kuti zikumuwawa. 속상하시겠어요 (soksanghasigesseoyo) ndi wa amene wakhumudwa, monga amene katundu wake watayika kapena mwana wake walephera mayeso. 걱정되시겠어요 ndi wa amene ali ndi nkhawa. Zikakhala kuti zinachitika kale, nthawi yakale imalowa pakati: 힘드셨겠어요, 많이 놀라셨겠어요, lomalizali likakhala la munthu amene wapulumuka ngozi kapena wamva nkhani yodzidzimutsa.

Zimalakwika pawiri. Wophunzira akasiya -겠- n'kunena 힘들어요, wasiya kutonthoza, wayamba kudandaula za iye mwini. Kwina n'kwakuti 힘들다 amataya ㄹ wake akakumana ndi -시-, ndiye 힘들으시겠어요 ndi cholakwika, ngakhale chikuoneka chotsata lamulo.

Patsogolo pa ziganizozi pamakhala timawu todzidzimukira: 아이고 (aigo), 저런 (jeoreon), 어떡해요 (eotteokaeyo). Timeneti tikugwira ntchito ya "mayo ine" kapena "ogo", ndipo popanda ito chiganizocho chimauma. Pa 어떡해 taika chenjezo la kalembedwe: ndi chidule cha 어떻게 해, ndipo 어떻해 kulibe, ngakhale eni chilankhulo ena amalemba choncho pa foni.

안됐네요 (andwaenneyo) amapezeka m'mabuku ambiri ophunzitsira ngati mawu omvera chisoni. Ife tamuika pa nkhani ya munthu wachitatu, amene palibe pamalopo. Kumuuza mwini vuto pamaso, makamaka wamkulu, kumatha kumveka ngati ukumuonera pansi. 힘내세요 (himnaeseyo), wolimbikitsa, ndi wabwino pa mayeso, pa kusowa ntchito, pa matenda osakhalitsa, koma abwere pambuyo pa kuvomereza ululu wa munthuyo, osati poyambirira.

유감입니다 (yugamimnida) tamuchotsa pa makadi olankhula. Amaoneka kawirikawiri m'mawu omasuliridwa a mafilimu akunja, n'chifukwa chake ophunzira amamutola. Koma kwawo ndi mawu a akuluakulu a boma, akazembe ndi makampani, ndipo anthu amawadziwa ngati mawu a munthu amene akudandaula popanda kuvomera kulakwa. Nthawi zina amasonyezanso kuti wolankhulayo ndiye wakhumudwa ndi zochita za mnzake. Kwa mnzako wovutika amazizira.

Kudandaula pa zomwe zinapita: zoyeserera zikulembedwa

Pano pali afotokozi anayi amene Chichewa chimatha kuwaphimba onse ndi "zomvetsa chisoni" kapena "zodandaulitsa". 아쉽다 (aswipda) ndi pamene unkafuna zambiri koma zaperewera: mnzako walephera kubwera kuphwando, ulendo watha msanga. 아깝다 (akkapda) ndi pamene chinthu chamtengo chatayika kapena mwayi waphonyeka pang'onong'ono, monga kulephera mayeso ndi malikisi amodzi, kapena chakudya chabwino kutayidwa. 안타깝다 (antakkapda) ndi kuwawidwa mtima poona tsoka la wina lomwe sungathe kulikonza. 서운하다 (seounhada) ndi kakupweteka ka mumtima pamene munthu wapafupi sanakuchitire zomwe umayembekezera, kapena posiyana naye. Atatu oyambawo amasintha ㅂ kukhala 우 akakumana ndi lembo la liwu: 아쉬워요, 아까워요, 안타까워요. 후회하다 (huhoehada) ndi mneni wa kunong'oneza bondo pa zomwe wachita wekha.

M'zokamba za tsiku ndi tsiku anthu sanena 후회 pafupipafupi. Amagwiritsa ntchito mathero. -(으)ㄹ걸 그랬어요 ndi "ndikanadziwa" wathu: 일찍 출발할걸 그랬어요, bola ndikananyamuka msanga. Pokana ndi -지 말걸 그랬어요: 먹지 말걸 그랬어요, bola ndikanapanda kudya. 걸 ameneyu amatchulidwa 껄. Palinso -았/었어야 했는데, monga 병원에 갔어야 했는데, ndinayenera kupita kuchipatala.

Misampha ilipo iwiri ndipo yonse yalowa m'mawu ojambulidwa. -(으)ㄹ걸 yekha, liwu likatsika kumapeto, ndi kudandaula. Liwu likakwera, ndi kungoganizira kuti mwina zili choncho. Wina ndi -지 그랬어요, amene amaoneka ngati wokana chifukwa cha 지 koma sakana. 말하지 그랬어요 ndi kuuza mnzako kuti bwanji sananene. Muli kachidzudzulo mkati mwake, ndiye pa khadi talemba kuti asanenedwe kwa munthu amene ali pachisoni.

Kuchipatala: kwatha

Kuzonda wodwala ndi 병문안 (byeongmunan). Polowa umafunsa 좀 어떠세요, kuti akupezako bwanji. Potuluka, 빨리 나으세요 (ppalli naeuseyo) kapena 몸조리 잘하세요 (momjori jalhaseyo). Pa khadi kapena m'kalata, 쾌유를 빕니다 (kwaeyureul bimnida). Wodwala akakhala kholo la mnzako kapena wamkulu aliyense, mneni wa kudwala sakhala 아프다 koma 편찮으시다.

Chenjezo lalikulu ndi la kalembedwe. 낫다, kuchira, amataya ㅅ n'kukhala 나으세요. 낳다, kubereka mwana, amakhala 낳으세요, ndipo onse awiri amatchulidwa chimodzimodzi chifukwa ㅎ samveka. Pakamwa palibe vuto. Pa KakaoTalk, pulogalamu yotumizirana mauthenga pa foni, lembo limodzi lokha limasandutsa "chirani msanga" kukhala "berekani msanga". Cholakwika chimenechi n'chotchuka ngakhale pakati pa eni chilankhulo.

Kumaliro: apa mpamene ntchito yaima

Zinaoneka msanga kuti mawu okha sakwanira, chifukwa pamaliro a ku Korea mlendo amalankhula zochepa kwambiri ndipo zambiri amazichita ndi thupi. Bungwe la boma loona za chilankhulo, 국립국어원, m'malangizo ake a kalankhulidwe kaulemu a mu 2011, limanena kuti kugwadira namfedwa n'kuchoka osanena kanthu ndi ulemu wokwanira. Kwa Mchewa, amene anazolowera kukhala pansi n'kupepesa anamfedwa mmodzimmodzi, kukhala chete kumaoneka ngati mwano. Phunziroli liyenera kumumasula pa mantha amenewo lisanampatse chiganizo chilichonse.

Ndiye talemba kaye ndondomeko. Maliro ambiri amatenga masiku atatu ndipo amachitikira ku 장례식장, nyumba ya maliro, yomwe kawirikawiri imakhala pachipatala. Tsiku loyamba amakonza 빈소, chipinda chokhala ndi chithunzi cha malemu ndi maluwa. Lachiwiri amaika thupi m'bokosi, ndipo ndilo tsiku limene okhuza maliro ambiri amabwera. Lachitatu ndi 발인, kunyamula maliro kupita kumanda kapena kowotchera. Mlendo amavala zakuda kapena zoderako, masokosi osaiwala poti nsapato amavula. Pakhomo amalemba dzina m'buku n'kupereka envelopu. Akalowa amayatsa lubani, moto wake n'kuuzimitsa ndi kukupiza dzanja, osati kuuzira ndi pakamwa, kapena amaika duwa loyera. Kenako amagwada mpaka pansi kawiri kutsogolo kwa chithunzi, n'kutembenukira kwa 상주 (sangju), mwini maliro, amene amadziwika ndi kansalu ka mizere yakuda pamkono, n'kugwadirana naye kamodzi. Manja amasanjikizidwa mosemphana ndi masiku onse: mwamuna lamanja pamwamba, mkazi lamanzere pamwamba. Akhristu ambiri sagwadira chithunzi, amangoweramitsa mutu n'kupemphera chamumtima, ndipo palibe amadabwa nazo.

Mawu amabwera pambuyo pa kugwadirana kuja, motsitsa. Makadi ndi anayi. 삼가 조의를 표합니다 (samga jouireul pyohamnida). 얼마나 상심이 크십니까 (eolmana sangsimi keusimnikka), lomwe lili ngati funso koma silidikira yankho. 뭐라 드릴 말씀이 없습니다 (mwora deuril malsseumi eopseumnida), kunena kuti mawu akusowa, ndipo limeneli ndilo tikulangiza wophunzira kuloweza poyamba chifukwa limayenera paliponse. Lachinayi ndi 삼가 고인의 명복을 빕니다 (samga goinui myeongbogeul bimnida), lotchuka kuposa onse, limene limalembedwa pa nkhata za maluwa ndi poyankha uthenga wa maliro pa foni.

Lachinayili ndilo likuchedwetsa. 명복 ndi madalitso a kudziko la akufa, ndipo Akhristu ena a mipingo ya Chipulotesitanti samakonda liwuli. Kwa iwo amanena 하나님의 위로가 함께하시길 바랍니다, kufunira banja chitonthozo cha Mulungu. Akatolika amatchula Mulungu kuti 하느님, osati 하나님. Chipembedzo cha banja chimaonekera pa uthenga wa maliro womwewo: 소천 ndi liwu la Apulotesitanti, 선종 la Akatolika, 입적 limanenedwa akamwalira mmonke wa Chibuda, pamene 별세 ndi la aliyense. Tikufuna kakhadi kophunzitsa kuwerenga uthengawo, kuti wophunzira asankhe mawu asananyamuke kunyumba. Polankhula wamba, munthu wamkulu akamwalira amati 돌아가셨어요, ndipo 죽다, kufa, sanenedwa pamaso pa abale ake.

Mndandanda wa zosanena watha. 안녕하세요 sanenedwa kwa mwini maliro, poti ndi funso la mtendere. Kufunsa chomwe chapha malemu, chinthu chimene kwathu chimabwera chokha pocheza pasiwa, kumeneko amakuona ngati kusalingalira. 호상 (hosang), imfa ya munthu amene wakalamba bwino, okhuza maliro amatha kunong'onezana, koma sauza ana a malemu. M'chipinda chodyera, momwe kawirikawiri mumakhala mpunga ndi msuzi wa tsabola wa nyama ya ng'ombe, 육개장, mowa umamwedwa koma matambula sagundanitsidwa.

Chipepeso ndi 부의금 (buuigeum) kapena 조의금 (jouigeum). Chimaikidwa mu envelopu yoyera, yomwe imapezeka pakhomo pomwepo. Kutsogolo kumalembedwa 부의 kapena 근조, nthawi zambiri m'zilembo za Chitchaina, 賻儀 ndi 謹弔. Dzina la wopereka limalembedwa kumbuyo, kumanzere chakumunsi, motsika. Ndalama zimayambira ndi nambala yosagawika pawiri: 30,000, 50,000 kapena 70,000 won (ndalama ya ku South Korea), ndipo 100,000 imaloledwa ngati nambala yokwanira. Sizilengezedwa pagulu monga zimakhalira kwathu, banja limalemba m'buku lake. Kwa amene adzapite kukaphunzira taikapo chenjezo la lamulo loletsa ziphuphu lodziwika ndi dzina la Kim Young-ran, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016. Limakhudza ogwira ntchito m'boma, aphunzitsi ndi atolankhani, ndipo kuyambira mu 2018 malire a ndalama ya chipepeso kwa anthu amenewa ndi 50,000 won pamene pali ubale wa pantchito. Wophunzira amene mphunzitsi wake waferedwa asamale ndi lamuloli, angamuike mwini maliroyo m'mavuto.

Zomwe zikudikira

Mawu a gulu la maliro sanajambulidwe. Akufunika wowerenga amene angatsitse liwu ndi kulekeza chiganizo m'malere, poti umu ndi mmene anthu amanenera 뭐라 드릴 말씀이, osafika kumapeto, ndipo wophunzira amve kuti kutero si kulephera. Zithunzi za kagwadidwe ndi kasanjikizidwe ka manja zikujambulidwa, za mwamuna ndi za mkazi padera. Kakhadi ka kuwerenga uthenga wa maliro kakufuna zitsanzo zitatu zopeka, chimodzi pa chipembedzo chilichonse, zopanda mayina a anthu enieni. Pakufunikanso mayankho othokoza a mwini maliro, 고맙습니다 ndi 와 주셔서 감사합니다, kuti mlendo akawamva adziwe kuti nthawi yotuluka m'chipindamo yakwana. Mayeso a gawoli akhala a zochitika: wophunzira azimva nkhani yaifupi m'Chichewa, ayambe wanena ngati cholakwa chili chake kapena ayi ndiponso amene akumuuza ndi ndani, kenako ndiye asankhe mawu.